Mwini Mtsinje Ndani?

Ndidabadwira kumapiri a Ntcheu, kumene madzi sakhalitsa. Mvula ikagwa usiku, pofika m'mawa imakhala itatsetsereka kale, ina kutsata Livulezi ndi Bwanje kupita kunyanja, ina kutsata Rivirivi kukathira mu Shire. Ife a kumtunda sitidziwa kugwira nkhafi, ndipo ambiri mwa ife bwato timangoliona pa zithunzi. Komabe nkhani ya mtsinje ndi nsomba zake yandisowetsa mtendere kwa zaka zingapo tsopano, motero ndati ndiiyale pano kuti mwina owerenga andithandize kuisenza.

Kumunsi kwa mudzi wathu kudali dziwe la kamtsinje kena kothira mu Rivirivi. Lidali dziwe lakuya, lozunguliridwa ndi bango ndi mikuyu, ndipo silinkaphwa ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Anyamata tinkapita kumeneko ndi mbedza, nyongolotsi zili m'kachitini, n'kubwerako ndi matemba okwana kudyera nsima imodzi. Chaka china, ndili ndi zaka khumi, ndiwo zidasowa kwambiri ndipo amalume adati tikathire katupe. Tidamusinja pathanthwe, tidamuthira m'madzi, kenaka tidalowa tonse kuvundula dziwe ndi miyendo. Posakhalitsa nsomba zidayamba kuyandama, mimba zili m'mwamba. Tidatola milamba ndi matemba odzaza madengu awiri. Koma pamwamba pa madzi padatsala zina zimene palibe adazifuna: achule, anamkalizi a m'madzi, ndi tiana tansomba tochepa ngati njere za mpunga, tambirimbiri, toyera mbuu m'mbali monse.

Agogo aamuna adali Mngoni wa kale amene nsomba sankaiika pakamwa, poti ankati ndi mbale wake wa njoka. Ataona madengu aja sadakalipe. Adangopukusa mutu n'kunena kuti, "Adzukulu, mwadya ndiwo za lero, za mawa ndi za mkuja pa tsiku limodzi." Ife tidaseka, tikumati nanga iwo nsomba adziwiranji. Chaka chotsatira tidakhala padziwe paja ndi mbedza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osakola kanthu.

Zimenezi ndidali nditaziiwala mpaka mu Seputembala 2022, pamene ine ndi aphunzitsi anzanga atatu tidasonkherana ndalama kuti tikaone nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Liwonde. Tidanyamuka pa boma la Ntcheu m'mamawa, tidadutsa pa Balaka, ndipo tisanawoloke Shire tidaima kugula ndiwo za madzulo. Mnyamata wina adatithamangira ndi chambo chinayi chachikuluchikulu, chomangidwa pa mlaza, mamba akuwala. Tidanenerera mtengo monga mwa chizolowezi, tidalipira, n'kupitiriza ulendo.

Masana a tsiku limenelo tidakwera boti. Ndiulule kuti sindidadziwe kuti m'dziko lathu lino muli malo otere. Mtsinje udali wotakata ndi wodekha, migwalangwa itandandalika m'mbali, kuseri kwake milambe ndi nkhalango ya tsanya. Mvuu zidali paliponse, makutu okha akuoneka, zina zikufwenthera pafupi ndi ife mpaka mtima kudumpha. Ng'ona zidagona pamchenga kukamwa kuli yasa, akakowa akuyenda pakati pawo mosatekeseka. Nswala ndi njiri zinkatsikira kudzamwa madzi. Tidaona njovu zikuwoloka, zazikulu zitaika mwana pakati, iye atakweza kachitamba kake m'mwamba kuti apume. Kenaka nkhwazi idatsika kuchokera mumtengo, idatsomphola nsomba patsogolo pathu penipeni, n'kubwerera ikulira. Mnzanga wina, munthu wolongolola, adakhala duu ulendo wonsewo.

Madzulo tidakhoma matenti athu pamalo ogona alendo pafupi ndi madzi, tidasonkha moto ndi kuwotcha chambo chija. Usiku utakula ndidadzuka chifukwa cha phokoso la mvuu imene inkadya msipu chapafupi. Nditasuzumira panja, mwezi uli pakati, ndidaona kutali pamadzi chinthu chakuda chikuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa bango. Lidali bwato, ndipo mudali anthu awiri. Sadayatse nyali ndipo nkhafi yawo sinkamveka. Ndidadziwa kuti m'paki simuloledwa kupha nsomba. Mtima wanga udawawa, ndipo ndidadzutsa anzanga kuti aone. Tidanong'onezana mawu ambiri owadzudzula: akuba, owononga, anthu osaganizira za mawa. Tidagona tili okhutira ndi chilungamo chathu, minga ya chambo ili mbwee pambali pa phulusa.

M'mawa ndidafotokozera bambo amene ankayendetsa boti lathu, munthu wachikulire wa m'midzi yozungulira pakiyo. Adandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo adati iyenso ali mnyamata ankapalasa usiku chimodzimodzi, asanapeze ntchito imeneyi. Kenaka adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, chambo munawotcha dzulo chija munagula kuti?" Ndidamuuza. Iye adamwetulira n'kunena kuti, "Ine sindikuti chinachokera muno, pakuti nsomba ilibe chiphaso. Koma kodi munafunsa?" Ndidayankha kuti, "Iyayi achimwene, sindinafunse." Sadaonjezere mawu ena. Adaliza injini, ndipo tidapita kukaona mbalame.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi mtsinjewu ngwa yani, ndipo wakuba m'menemo ndani?

Tiyambe ndi mlandu wa anthu awiri a m'bwato aja, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1973. Isanakhazikitsidwe, m'mbali mwa Shire mudali midzi, minda ndi madooko, ndipo anthu ena adasamutsidwa kuti nyama zipeze malo. Kwa mdzukulu wa anthu amenewo, madzi amene ife timawatcha oletsedwa ndi madzi amene agogo ake ankatcheramo mono. Taganiziraninso za ulendo wake wa usiku. Mvuu ikhoza kugubuduza bwato lake, ng'ona ikhoza kumugwira pamene akukoka ukonde, ndipo alonda akamupeza amalandidwa zipangizo n'kukaonekera kubwalo la milandu. Munthu sayika moyo wake pa chiswe chotere pofuna kusangalala. Wasiya ana kunyumba, ufa watha, ngongole ya feteleza ikudikira. Pamene ine, amene ndidamutcha wakuba, ndidalipira pa maola awiri a m'boti ndalama zokwana kugula chimanga chodyetsa banja lake masiku ambiri. Ine ndidabwera kudzadyetsa maso, iye adabwera kudzadyetsa ana. Ngati lamulo limatsegulira chipata wokhuta n'kutsekera wanjala, kodi si zomveka kuti wanjalayo alione ngati mdani?

Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo amene amaikankhira kumbali sadagonepo ndi njala. Koma ili ndi malire ake, ndipo malirewo ndidawaona ndi maso padziwe la kwathu. Amalume nawonso sadathire katupe chifukwa cha nkhanza. Kudali kusowa kwa ndiwo. Koma kusowako sikudabwezeretse nsomba m'dziwe. Njala ikhoza kutichititsa kumvera munthu chisoni, koma siisintha zotsatira za zimene wachita.

Umboni waukulu uli pafupi pomwepo. Shire akatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi amadutsa m'nyanja ya Malombe asanalowe m'pakiyi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, asodzi a ku Malombe ankapha chambo matani masauzande angapo pa chaka. Maukonde a maso ang'onoang'ono atachuluka, makamaka nkacha, amene amakokolola ndi ana omwe n'kusalaza pansi pamene chambo chimaswera, pofika m'ma 1990 chambo chidatsika kufika pa matani mazana ochepa chabe, ndipo asodzi adatsala ndi kambuzi. Mu 1993 boma lidayambitsa makomiti a m'madooko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kuti asodzi eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba, ndipo mu 1997 padabwera lamulo latsopano la za usodzi. Koma chambo sichidabwererebe monga kale. Palibe mlendo wa kamera amene adatha chambo cha ku Malombe. Palibenso msodzi mmodzi amene tingamuloze chala. Aliyense ankati, "Ndikapanda kupha ine, apha mnzanga," ndipo aliyense ankanena zoona. Umu ndi mmene mtsinje wa tinkanena umathera mu siizi.

N'chimodzimodzi ndi nyama za kumtunda. Pamene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa pakiyi mogwirizana ndi boma mu 2015, nkhalangoyo idali yodzaza ndi misampha ya waya, ndipo yoposa 40,000 idachotsedwa m'zaka zotsatira. Mpanda wa magetsi udamangidwa, umene udachepetsa kwambiri njovu zolowa m'minda ndi kupha anthu. Mikango, imene idali itatheratu, idabwezedwamo mu 2018, ndipo zipembere 17 zidabwera kuchokera ku South Africa mu 2019. Njovu zidaswana mpaka zina kusamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 kupita ku Kasungu mu 2022. Zimene ndidaona pa boti lija sizidangochitika zokha. Zilipo chifukwa wina adauzidwa kuti ayi.

Ndikamaganizira zimenezi ndimakumbukira chimanga cha mbewu. Agogo aakazi ankasankha zisononkho zazikulu pokolola n'kuzipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe itagona, ife ana tinkayang'ana kudenga malovu ali chuchuchu. Koma mbewu sinkakhudzidwa. Amene adaona njala ya 2002 akudziwa zimene zidachitikira mabanja amene adakakamizika kudya mbewu ndi kudula chimanga chisanakhwime: njala ya chaka chimodzi idabala njala ya chaka chinanso. Kwa ine, chigawo cha Shire chimene chili m'paki ndicho chimanga cha kudenga. M'menemo nsomba zimaswana popanda ukonde, ndipo poti m'madzi mulibe mpanda, zina zimatuluka kupita kumene asodzi amaloledwa. Kuswa mpanda umenewo n'kukazinga mbewu.

Ndikadafuna ndikadathera pomwepa, ndi mtima woyera, nditagamula kuti mpanda ukhale ndipo msodzi apirire. Koma funso la woyendetsa boti lija silindilola. Kunyumba kwa agogo, amene ankaletsa kudya mbewu ankagona ndi njala pamodzi ndi ife, ndipo chimanga chikacha tonse tinkadyera mbale imodzi. N'chifukwa chake lamulo lawo lidali lolungama. Nanga pa Shire zili choncho? Amene timamuuza kuti apirire ndi yemwe ali ndi njala kuposa tonse. Amene timamuuza tili ndi malipiro a pamwezi. Ndipo zikafika pa kudya, ndife timadya chambo chachikulu, iye amagulitsa n'kukagula ufa ndi bonya. Bwato la usiku lija silikadanyamuka pakadapanda munthu wonga ine woima pamsewu ndi ndalama m'manja, wofunsa mtengo koma osafunsa gwero. Msodzi amagwira ukonde, koma chingwe chake chimafika m'thumba mwanga.

Pali mlandu winanso umene ukutikhudza ife a kumtunda, ndipo uwu ndi waukulu koposa. Yendani pa msewu wochokera ku Ntcheu kulowera ku Balaka ndi ku Zalewa, muwerenge matumba a makala amene ali m'mbali mwa msewu. Yang'anani mapiri amene kale adali obiriwira. Talima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, tadula bango ndi mikuyu kuti madimba akule. Mvula ikagwa, nthaka yathu imatsika ndi madzi. Ina imakathira m'nyanja n'kukwirira malo oswera nsomba, ina imatsata Rivirivi kulowa mu Shire kumunsi kwa Liwonde, n'kukadzaza matope pa Nkula pamene amapangira magetsi. Mu 2018 damu la Mpira, kwathu konkuno, lidaphwa, ndipo anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka amene ankadalira mipopi yake adasowa madzi. Madzi saiwala khwawa, ndipo saiwalanso zimene tawachita. Tsono taonani kusiyana kwake: munthu wopha nsomba makumi awiri usiku amagwidwa n'kumangidwa, koma ine amene ndimagula thumba la makala mwezi uliwonse, amene dimba langa lidafika pamadzi penipeni, palibe adandifunsapo kanthu. Kuba kwake kumaoneka chifukwa kumachitika pa malo amodzi ndi usiku umodzi. Kuba kwanga sikuoneka chifukwa kudamwazikana m'zaka zambiri ndiponso timachita tonse.

Ena anganene kuti ndikusakaniza zinthu, kuti wophwanya lamulo ndi wophwanya lamulo basi, ndipo wogula makala pamsika sadalumphe mpanda wa munthu. Ndikuvomera kuti pamaso pa woweruza milandu anthu awiriwa ndi osiyana. Koma lamulo limagwira okhawo amene dzanja lake lingawafikire, pamene chikumbumtima chiyenera kufika patali kuposa pamenepo. Mtsinje sudziwa kuti uyu ali ndi mlandu kukhoti ndipo uyu alibe. Umangodziwa zimene zachotsedwamo ndi zimene zathiridwamo.

Ndiye mwini mtsinje ndani? Poyamba ndinkaganiza kuti yankho liyenera kukhala dzina limodzi: boma, kapena anthu a m'mbali mwake, kapena alendo amene amalipira pachipata. Tsopano ndikuona kuti funsolo limatisocheretsa tikamalifunsa ngati tikufunsa za mbuzi kapena njinga. Mbuzi yako ukhoza kuipha lero, palibe angakuletse. Mtsinje sutero, chifukwa umadutsa. Umachokera kwa ena, umapita kwa ena, ndipo ambiri mwa amene adzaufune sadabadwe. Shire adalipo David Livingstone asanamuone mu 1859, adalipo makolo athu Angoni asanafike kumapiri kuno. Aliyense wa ife ali ngati munthu amene wapatsidwa mwana kuti amulere: ali ndi ufulu womutuma, alibe ufulu womugulitsa. Msodzi ali ndi gawo lake, ndipo gawolo ndi lalikulu kuposa langa, chifukwa iye ndi amene amakhala ndi ng'ona ndi njovu chaka chonse pamene ine ndimabwera masiku awiri. Koma gawo lake silifika pa mbewu, monganso langa silifika pa nthaka ya m'phiri.

Ngati zili choncho, mpanda ukhale, koma katundu wake tisenzerane. Phindu la alendo lizioneka m'midzi imene idapereka malo, osati pa mapepala pokha koma pa ntchito, pa sukulu, pa mijigo, pa maiwe oweta nsomba ndi ming'oma ya njuchi, kuti mnyamata wa kumeneko akhale ndi chifukwa chogonera kunyumba usiku. Woyendetsa boti uja sadasiye kupalasa usiku chifukwa choopa ndende. Adasiya chifukwa mvuu yamoyo idayamba kumulipira. Ana a m'midzi imeneyo azilowa kukaona nyamazo, pakuti munthu sasamala chinthu chimene amangochimvera kuseri kwa waya. Ndipo ife ogula, ife a kumtunda, ife odziwa kulemba nkhani ngati ino, tileke kuganiza kuti kusamala chilengedwe ndi ntchito ya osauka ndi alonda a mfuti. Ndi chinthu chopepuka kwambiri kukonda mtsinje uli m'boti, utavala jekete yoyandamitsa, wina akukuwongolera.

Nditabwerako ku Liwonde ndidapita kumudzi, ndipo ndidatsikira kudziwe kuja. Mikuyu idapita kalekale, bango kulibe, ndipo pamene tinkadumphira m'madzi osagunda pansi pali mchenga wofika m'mawondo. Kumapeto kwake kudatsala kachithaphwi, ndipo m'menemo ndidapezamo ana a mlongo wanga awiri akukoka neti ya udzudzu imene mayi awo adalandira kuchipatala. M'netimo mudali tinsomba tosakwana chikhato chimodzi, tonse tating'ono. Mawu a agogo adafika pakamwa panga, ndipo ndidatsala pang'ono kuwanena. Koma wamkuluyo adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, nanga tidyere chiyani?" Apo ndidazindikira kuti malume tsopano ndine, ndipo dziwe limene anawa akadaphamo milamba ndi mbedza ndidalidya ine ndili ndi zaka khumi.

Sindidawakalipire. Ndidavula nsapato, ndidalowa m'matopemo, ndipo tidabwezera tinsombato m'madzi, iwo akuseka kuti amalume apenga. Madzulo ndidawagulira ndiwo pamsika, podziwa kuti kuwaletsa popanda kuwapatsa china kukadakhala kubwereza zomwe ndangodzudzulazi. Dzinja lotsatira ndidabweza dimba langa mapazi makumi atatu kuchoka pamadzi, ndipo m'malo mwake ndidabzalamo bango, nsungwi ndi mikuyu isanu. Achibale ena adati ndataya malo a matimati, ndipo sadaname. Mikuyu itatu idagwira. Makala sindidasiyiretu, pakuti magetsi amazimazima ndipo nsima imafunika kuphikidwa, ndiye mlandu umenewo ndikadali nawo. Koma pogula nsomba ndimafunsa kumene yachokera, ndipo yaing'ono kwambiri ndimaisiya. Ogulitsa ena amandiseka, ena amandinamiza, ndikudziwa. Ndimafunsabe, poti tsiku lija pa Shire ndidasowa choyankha.